Brenda Fassie: kodi anali wopeka nyimbo kapena woimba chabe?

Nabanda

Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira dzulo madzulo, pamene tinatsutsana ndi mlongo wanga mpaka chakudya kuzizira patebulo. Iye akuti malemu Brenda Fassie, woimba wa ku South Africa uja, sayenera kutchedwa wopeka nyimbo, chifukwa nyimbo zimene zinamutchukitsa anamulembera ndi anthu ena, ndipo iye ankangofika mu situdiyo n'kuimba zimene wapatsidwa. Ine ndinakana kwamtuwagalu, koma atandifunsa umboni ndinasowa chonena, popeza chimene ndikudziwa n'chakuti mawu a mayi ameneyu ndikawamva ndimawazindikira nthawi yomweyo, ngakhale nyimboyo ndisanaimvepo. Ndikupempha akuluakulu amene munaona nthawi yake ndi maso kuti mutiunikire, chifukwa ine ndinayamba kumumvera iye atamwalira kale.

Mphunzitsi Wopuma

Mwafunsa bwino, mayi Nabanda, ndipo mlongo wanuyo sanaponyere kutali kwenikweni, ngakhale kuti kumene mfundo yake ikukathera sindikugwirizana nako. Tiyambe ndi zimene palibe angazitsutse. Brenda anabadwa pa 3 Novembala 1964 ku Langa, lokeshoni yakale kwambiri ya anthu akuda mumzinda wa Cape Town, ndipo anali mzime m'banja la ana 9. Dzinalo anamupatsa potengera woimba wa ku America, Brenda Lee. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka ziwiri, choncho analeredwa ndi mayi ake, amene ankadziwa kuliza piyano, ndipo adakali wamng'ono ankaimbira alendo odzaona malo n'kumapeza tindalama tothandizira pakhomo. Mwana wotere sukulu yake ya nyimbo imakhala nkhope za anthu, chifukwa amaphunzira msanga chimene chimaimitsa munthu wodutsa ndi chimene chimamuchotsapo.

Ali ndi zaka 16, Koloi Lebona, amene ankajambula nyimbo za oimba ku Johannesburg, anamumva akuimba ndipo anapita naye ku Soweto. Kumeneko anayamba wagwirizira malo m'gulu la amayi atatu lotchedwa Joy, pamene mmodzi mwa iwo anali patchuthi cha uchembere, kenaka anakhala woimba wotsogolera wa gulu la Brenda and the Big Dudes. Nyimbo ya Weekend Special inatuluka mu 1983, ndipo apa m'pamene mlongo wanuyo ali ndi mfundo, chifukwa amene anailemba ndi Melvyn Matthews. Ndiye ngati funso lanu likunena za nyimbo imene inamutsegulira khomo, yankho n'lakuti sanaipeke ndi iye. Koma taganizirani zimene nyimboyo ikunena: mkazi akudandaulira mwamuna amene amangomukumbukira Loweruka ndi Lamlungu, masiku enawo osaoneka. Mawu amenewa analembedwa ndi mwamuna, koma amayi a m'malokeshoni anawakhulupirira chifukwa anatuluka m'kamwa mwa mtsikana wosakwana zaka 20 amene ankamveka ngati wapsa mtima ndithu, osati wongowerenga pepala.

Wagitala

Bambo aphunzitsi, ndikulemekeza zimene mwalongosola, koma ine ndiima ndi mlongo wa mayi Nabanda, ndipo chifukwa changa ndi cha ntchito imene ndimagwira. Kwa ife oliza zida, mawu akuti wopeka nyimbo si ulemu wongopatsana pamaliro, koma ndi dzina lolembedwa papepala, ndipo pepalalo ndi limene limanena kumene ndalama zipite. Ku South Africa kuli bungwe la SAMRO, limene linakhazikitsidwa mu 1961, ndipo ntchito yake ndi kutolera ndalama kwa mawailesi ndi malo ena oimbitsa nyimbo n'kukazipereka kwa amene analemba mawu ndi kupeka kamvekedwe ka nyimboyo. Nyimbo ikaseweredwa pawailesi kambirimbiri, amene amamwetulira ndi wolembayo. Kwa zaka zambiri woimba wongoikapo mawu sankalandira kanthu pa kuseweredwa kwa chimbale chake pawailesi, mpaka pamene malamulo a dzikolo anasinthidwa mu 2002, kutangotsala zaka ziwiri kuti Brenda amwalire.

Choncho tikamati Brenda anapeka Weekend Special chifukwa anaiimba mogwira mtima, tikulanda munthu wina thukuta lake, komanso tikubisa chinthu chowawa, chakuti woimba amene dziko lonse linkamuvinira sankapindula ndi nyimboyo mofanana ndi mmene anthu ankaganizira. Kuimba bwino ndi luso, kupeka ndi luso linanso, ndipo kuwasakaniza sikuthandiza aliyense mwa awiriwo.

Mayi a Kwaya

Achimwene a gitala, pankhani ya pepala ndi ndalama sindikutsutsani, chifukwa ndi zoona. Koma ndikufuna ndikuuzeni zimene ndimaona ine amene ndakhala ndikupekera kwaya nyimbo kwa zaka zambiri. Tsiku lina ndinabweretsa nyimbo yatsopano pokonzekera, nditailemba bwinobwino m'kope, mzere uliwonse uli ndi kutalika kwake. Mtsikana wina woyambitsa nyimbo anaiimba koyamba monga ndinalembera, ndipo inamveka yozizira ngati madzi a m'mtsuko. Ulendo wachiwiri, popanda kupempha chilolezo, anachedwetsa liwu limodzi, n'kudula mzere wachitatu pakati, n'kubwereza mawu awiri omaliza katatu. Anthu onse m'chipindamo anatukula mitu. Kuyambira tsiku limenelo nyimboyo imaimbidwa mmene anaiimbira iye, koma m'kope muli dzina langa lokha.

Ndiye ndikamamvera Brenda, khutu langa limapita pa zinthu zimene sizilembedwa: pamene akulowa mochedwerako pang'ono ng'oma itadutsa kale, pamene mawu ake akusasa ngati wakhala akulira usiku wonse kenaka n'kukwera mwadzidzidzi, ndiponso timawu toponyera pakati ngati akulankhula ndi munthu amene waima pakhomo. Wolemba angathe kupereka nyumba ya njerwa, koma wina ndiye amaikamo moto. Sindikunena kuti amulembe pa pepala la nyimbo imene sanalembe, koma mawu akuti woimba chabe ndikuwakana, chifukwa mawu akuti chabewo akuchepetsa ntchito imene ine, wopeka, sindingathe kuichita.

Bambo a Tiyamike

Ndalowa mochedwa, koma nkhaniyi yandikhudza chifukwa ndinagwira ntchito ku Johannesburg kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthawi imene chimbale cha Brenda chotchedwa Memeza chinali paliponse. Chimbale chimenechi ndicho chinagulidwa kuposa china chilichonse m'dzikolo mu 1998, ndipo simukanakwera minibasi kuchoka m'tauni kupita ku Soweto osamva nyimbo yake ya Vulindlela, mwina kawiri ulendo umodzi. Kumeneko sankamutchula n'komwe kuti Brenda Fassie, ankangoti MaBrrr, n'kumagudubuza lilime pamapeto pake.

Mnzanga wina wa kuntchito anandiitanira ku ukwati wa mphwake, ndipo ndi pamene ndinamvetsa tanthauzo la nyimboyo, chifukwa kale ndinkangovina osadziwa kanthu. Dzinalo likutanthauza kuti tsegulani njira, ndipo amene akulankhula ndi mayi amene mwana wake wamwamuna akukwatira, akuuza anthu amiseche kuti apatuke. Itangoyamba, mayi a mkwati, munthu wachikulire wonenepa bwino amene anakhala phee tsiku lonse, ananyamuka n'kuvula nsapato, n'kuyamba kuyenda pakati pa anthu akukankha mphepo ndi manja uku ndi uku, maso ali pa amayi ena atatu amene anakhala pakona. Mnzangayo anandinong'oneza kuti amayi atatuwo ndi amene ankanena kuti mnyamatayo sadzakwatira. Palibe amene anatukwana mnzake, nyimboyo ndi imene inalankhula.

Chimene ndikufuna kuonjezera pa mtsutsowu ndi chilankhulo. Brenda anayamba ndi nyimbo za Chingerezi, koma m'zaka zake zomaliza ankaimba kwambiri m'Chizulu ndi m'Chixhosa, ndipo chinali chilankhulo cha pamsewu, chimene amayi amalankhula pochapa ndi pokangana. Kalankhulidwe kameneka munthu sangakupatse papepala kuti ukaloweze, umayenera kukhala utakula nako.

Nabanda

Zikomo kwambiri nonse, ndikuona kuti nkhaniyi ili ndi nthambi zambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Mlongo wangayo ananenanso kuti nyimbo za Brenda za m'ma 1980 zinali zongosangalatsa anthu pamene anzake ankamangidwa ndi kuthawira kunja chifukwa cholimbana ndi tsankho. Kodi zimenezi zili ndi maziko, bambo aphunzitsi?

Mphunzitsi Wopuma

Chidzudzulo chimenechi si chatsopano, mayi Nabanda, chinalipo iye ali moyo. Mtundu wa nyimbo zimene ankaimba Brenda, Yvonne Chaka Chaka ndi Chicco unkatchedwa bubblegum, ndipo dzinalo linali lonyoza, kutanthauza chingamu chimene chimatsekemera kanthawi kochepa kenaka n'kulavulidwa. Zinali nyimbo za makiyibodi ndi ng'oma za makina, zovinika, za mawu osavuta. Anthu ophunzira ankaziyerekeza ndi za Miriam Makeba ndi Hugh Masekela, amene anali kunja kwa dziko, n'kumati izi n'zopepuka.

Koma tisaiwale kusiyana kwa malo. Amene ali ku London kapena ku New York angathe kutchula dzina lililonse pa siteji n'kukagona mwamtendere. Amene ali ku Soweto mu 1986, dziko lili pansi pa malamulo a nthawi ya chipwirikiti, ankayenera kudutsa pa wailesi ya boma ya SABC, imene inali ndi anthu ofufuza mawu a nyimbo iliyonse, ndipo nyimbo ikaletsedwa ankachita kukanda chimbalecho ndi chitsulo pamalo pamene pali nyimboyo kuti woulutsa mawu asaiseweretse ngakhale mwangozi. N'chifukwa chake oimba anaphunzira kulankhula mokuluwika. Sello Twala, amene tonse timamudziwa kuti Chicco, anaimba We Miss You Manelo mu 1987, ndipo anthu pomvera ankadziwa okha kuti dzina limene likubisala kuseri kwa Manelo ndi la a Mandela.

Chicco yemweyo ndiye anagwira ntchito ndi Brenda pa chimbale cha Too Late for Mama mu 1989. Nyimbo ya mutu wa chimbalecho ikunena za mayi amene anawombedwa ndi mphenzi akupita kukatunga madzi ali ndi mwana wake wakhanda. Mulibe dzina la chipani, mulibe mawu otukwana boma, koma aliyense woganiza ankadzifunsa kuti m'dziko la golide, mayi akuyenderanji mtunda wotere kufunafuna madzi. Kenaka kunabwera Black President mu 1990, yonena za a Nelson Mandela, kugwidwa kwawo mu 1963 ndi chiyembekezo chakuti adzalamulira, ndipo boma la tsankho linailetsa. A Mandela anatuluka m'ndende pa 11 Febuluwale 1990, koma anakhala mtsogoleri wa dziko pa 10 Meyi 1994, kutanthauza kuti mutu wa nyimboyo unatsogola zaka zinayi. Chingamu sichichita zimenezo.

Wophunzira Mbiri

Pepani bambo aphunzitsi, ndikonzeko pang'ono chaka chimodzi, osati mwamwano. Chaka cha 1963 ndi chimene chikutchulidwa m'nyimbomo, koma a Mandela anagwidwa pa 5 Ogasiti 1962 pafupi ndi Howick ku Natal. Chimene chinachitika mu Julayi 1963 ndi kugwidwa kwa anzawo pa famu ya Liliesleaf ku Rivonia, iwo ali kale m'ndende, ndipo chigamulo chakuti akhale m'ndende moyo wawo wonse chinaperekedwa mu Juni 1964, miyezi yochepa Brenda asanabadwe. Ndanena izi chifukwa ndakumanapo ndi anthu angapo amene amakhulupirira chaka cha 1963 potengera nyimboyo, zomwe zikusonyeza mphamvu imene woimba ali nayo pa zimene anthu amakumbukira, kuposa ife owerenga mabuku.

Mphunzitsi Wopuma

Mwandigwira bwino, mwana wanga, ndipo ndavomera. Ndinaphunzitsa zaka zambiri, koma apa nyimbo yandiphunzitsa chaka cholakwika ndipo ndinachimeza osatafuna.

Mayi a Kwaya

Inenso ndaseka, koma ndikufuna nditetezeko nyimboyo pang'ono. M'badwo wa Brenda unakula dzina la a Mandela lili loletsedwa, chithunzi chawo chosaloledwa kusindikizidwa, mawu awo osaloledwa kubwerezedwa m'nyuzipepala. Mbiri imene anaidziwa inali ya m'makutu, yonong'onezana, ndipo mlandu wa Rivonia, umene unayamba mu 1963, ndi umene unakhala m'mitima ya anthu monga nthawi imene atsogoleri awo anachotsedwa pakati pawo. Wolemba mayeso alembe 1962, koma woimba anatchula chaka chimene anthu ake ankachikumbukira.

Wagitala

Ndabwereranso, chifukwa bambo aphunzitsi andipatsa chida osadziwa. Taonani pamene Brenda anakwera pamwamba penipeni. Koyamba ndi nyimbo ya Melvyn Matthews. Kachiwiri ndi mu 1989 ndi 1990, ali ndi Chicco. Kachitatu ndi kuyambira pa Memeza kupita ku chimbale cha Nomakanjani, alinso ndi Chicco. Pakati pa nthawi ziwiri zomalizazi, pamene awiriwa anali atasiyana, ndi pamene dzina lake linkatuluka m'nyuzipepala chifukwa cha ngongole, kulephera kufika kumalo oimbira ndi mikangano, kuposa chifukwa cha nyimbo. Kwa ine zimenezi zikusonyeza kumene kunali nzeru zopeka. Chicco anali kale wodziwa kupanga nyimbo zogulitsa, anachita zimenezo ndi Yvonne Chaka Chaka, anachitanso ndi nyimbo zake zomwe. Amene wakhalapo mu situdiyo akudziwa kuti munthu wokhala kuseri kwa makina ndiye amasankha liwiro, amasankha pamene besi ilowe, amasankha mzere umene ubwerezedwe, ndipo nthawi zambiri woimba amafika zonsezi zitatha.

Bambo a Tiyamike

Achimwene, mndandanda wanu ndi woona, koma chifukwa chimene mwaperekacho ndikuchikayikira. Zaka zimene mukuzitchula kuti anatsika si zaka zimene anasowa wolemba, ndi zaka zimene anagwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo a cocaine. Ukwati wake wa mu 1989, umene unali wa dzaoneni, sunakhalitse. Mu 1995 anapezeka m'chipinda cha hotela ku Hillbrow pambali pa mtembo wa Poppie Sihlahla, mkazi amene ankakondana naye, amene anamwalira chifukwa cha mankhwala omwewo, ndipo pambuyo pake Brenda analowa kumalo othandizira anthu kusiya mankhwalawa, kumene anabwererako kangapo m'moyo wake. Munthu amene ali m'dzenje lotere, ngakhale mutamupatsa wolemba wabwino chotani, ntchito siyenda.

Ndipo musaiwale kuti mu 1996, asanabwererane ndi Chicco, anatulutsa chimbale cha Now Is the Time, mmene anaimba limodzi ndi Papa Wemba wa ku Congo, amene panthawiyo dzina la dziko lake linali Zaire. Munthu amene watha sapita kukaima pambali pa Papa Wemba.

Mfundo yanu ingathenso kutembenuzidwa. Ngati nzeru zonse zinali kwa Chicco, bwanji nyimbo zimene anapangira Yvonne sizimveka ngati za Brenda? Yvonne amamveka waulemu, wodekha, ngati mayi wolandira alendo. Brenda amamveka ngati munthu amene walowa pakhomo osagogoda. Wokonza nyimbo ndi mmodzi, koma zotuluka ndi ziwiri zosiyana, ndiye kuti kusiyanako kunabwera ndi oimbawo. Komanso nthawi ya Memeza achinyamata anali atatembenukira ku kwaito, nyimbo za liwiro lotsika zimene zinabadwira m'malokeshoni a Johannesburg kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo oimba ambiri a bubblegum anazimiririka. Brenda sanazimiririke, analowa m'nyengo yatsopanoyo ali ndi zaka zoposa 30 n'kuwapitirira ana amene anaiyambitsa pa malonda. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo pa awiriwa ine sindingathe kunena kuti chala chachikulu ndi chiti.

Wagitala

Pa mfundo ya Yvonne mwandigonjetsa theka, bambo a Tiyamike. Ndivomera kuti wokonza nyimbo wanzeru amasoka malaya poyeza thupi la wovala, ndipo thupilo sanalipange ndi iye. Koma theka linalo ndikulisunga: telala ndi telala, wovala ndi wovala.

Wophunzira Mbiri

Ndikufuna ndibweretse chinthu china chimene chikukhudza mtsutsowu kuchokera mbali ina. Mu 2001 magazini ya Time ya ku America inalemba za Brenda n'kumutcha Madonna wa m'malokeshoni, pomufanizira ndi woimba wa ku America uja, ndipo dzinali linamumatirira mpaka lero. Ine ndimaona kuti kufanizira kumeneku kumasocheretsa. N'zoona kuti onse awiri ankadziwa kukopa makamera ndi kukwiyitsa akuluakulu a mipingo, koma Madonna anagwira chiwongolero cha malonda ake, dzina lake lili pa nyimbo zake zambiri monga wolemba nawo, ndipo mu 1992 anakhazikitsa kampani yakeyake ya Maverick. Brenda analowa m'ntchitoyi ali mwana wakuda wa zaka 16 m'dziko limene munthu wakuda sankaloledwa ngakhale kukhala kumene wafuna, ndipo makampani akuluakulu ojambula nyimbo anali m'manja mwa azungu. Mtsikana wotere sakanakhala pansi ndi maloya kukambirana za gawo lake pa umwini wa nyimbo.

Ndiye pamene achimwene a gitala akuti pepala ndilo limanena zoona, ine ndikuti pepala limanena zimene anagwirizana anthu amene anali ndi mphamvu tsiku limenelo. Izi sizikutanthauza kuti Melvyn Matthews kapena Chicco anaba kanthu, ayi, ntchito yawo ndi yodziwika ndipo ndi yaikulu. Zikungotanthauza kuti zimene woimba amaonjezera ali kutsogolo kwa maikolofoni, monga mayi a kwaya afotokozera, zinalibe mzere wozilembapo pa fomu.

Mphunzitsi Wopuma

Mwana wanga, apa mwalankhula ngati munthu wamkulu. Ndingoonjezera za mathero ake, popeza mayi Nabanda anati anayamba kumumvera atamwalira kale, ndipo mwina sakudziwa mmene dziko linagwedezekera. Pa 26 Epulo 2004 Brenda anakomoka kunyumba kwake ku Buccleuch ndipo anamutengera kuchipatala cha Sunninghill ku Johannesburg. Poyamba atolankhani anauzidwa kuti ndi mphumu, koma zofufuza za madokotala pambuyo pake zinaonetsa kuti ndi cocaine. Anakhala chikomokere pafupifupi masabata awiri, ndipo amene anapita kukamuona ndi monga a Nelson Mandela, mayi Winnie Madikizela-Mandela ndi a Thabo Mbeki, amene anali mtsogoleri wa dziko panthawiyo. Anamwalira pa 9 Meyi 2004 ali ndi zaka 39, kutatsala tsiku limodzi kuti zikwane zaka 10 chilumbirireni mtsogoleri wakuda amene iye anamuimbira asanalowe m'boma. Anasiya mwana mmodzi, Bongani, amene anabadwa mu 1985 ndipo nayenso ndi woimba.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhani zambiri zokhudza iye zimathera pa mankhwala ndi zibwenzi, ngati kuti zaka zoposa 20 za ntchito zinali zongoperekeza. Chipani cha ANC chinagwiritsa ntchito Vulindlela pokopa anthu pa chisankho cha 1999, ndipo andale sasankha nyimbo mwachifundo, amasankha imene akudziwa kuti agogo ndi zidzukulu adzaimirira limodzi. Chaka chomwe anamwaliracho, pamene wailesi yakanema ya SABC inafunsa anthu kuti asankhe anthu 100 otchuka m'mbiri ya dzikolo, Brenda anakhala pa nambala 17.

Bambo a Tiyamike

Bambo aphunzitsi, mwandikumbutsa chiboliboli chake. Chinaikidwa mu 2006 ku Newtown mumzinda wa Johannesburg, panja pa malo oimbira a Bassline, ndipo anachiumba ndi Angus Taylor. N'chamkuwa, chachikulu ngati munthu weniweni. Brenda wakhala pa kampando kakatali, maikolofoni ili patsogolo pake, ndipo pambali pake pali kampando kena kopanda munthu. Tsiku limene ndinapitako ndinapeza anthu atandandalika kudikira kuti akhalepo ajambulitse. Patsogolo panga panali bambo wina wovala ovolosi ya kuntchito, amene atakhala pakampandoko sanayang'ane kamera, koma anatembenukira kwa chibolibolicho n'kuyamba kuchilankhula motsitsa mawu m'Chizulu, akugwedeza chala ngati akudzudzula mlongo wake. Anthu anaseka, iye osaseka. Itafika nthawi yanga ndinakhalapo, mkuwawo unali wotentha ndi dzuwa, ndipo ndinaona kuti pathupi pa chibolibolicho analembapo timawu ting'onoting'ono timene iye ankalankhula kwa atolankhani ali moyo.

Lero powerenga mtsutso wathuwu ndaganiza za kampando kachiwiri kaja mwanjira ina. Achimwene a gitala angakonde kukhazikapo Chicco, ndipo sindingawaletse.

Wagitala

Ndingamukhazikepo ndithu, ndipo Melvyn Matthews ndingamupezere kampando kachitatu. Koma kuti ndisaoneke wouma mutu, ndinene chimene ndasintha. Ndinabwera ndikunena kuti Brenda anali woimba, osati wopeka. Tsopano ndikunena kuti funsoli liyenera kufunsidwa pa nyimbo iliyonse payokha, chifukwa anajambula zimbale zambiri m'zaka zoposa 20, ndipo mtsikana wa mu 1983 amene anapatsidwa nyimbo yathunthu si yemweyo ndi mayi wa mu 1998 amene ankalowa mu situdiyo akudziwa chimene anthu a m'minibasi akufuna kumva. Mayi Nabanda, njira yothetsera mkangano ndi mlongo wanu ndi yosavuta. Pezani chikuto cha kaseti kapena cha CD, muyang'ane pansi pa mutu wa nyimbo iliyonse, pamene pamalembedwa maina m'tizilembo ting'onoting'ono. Maina amenewo ndi a olemba. Pamene pali dzina la Fassie, mlongo wanu agonje, ndipo pamene palibe, mugonje inu.

Nabanda

Ndathokoza kwambiri, akuluakulu nonse. Mlongo wangayo ndamuwerengera zonse, ndipo pa Weekend Special ndamugonjera pamaso pa ana, zomwe zamusangalatsa kuposa muyezo. Pa nkhani ya chingamu wakhala chete, ndipo kwa iye kukhala chete n'kuvomera. Vuto n'lakuti ife nyimbozi timamvera pafoni, pamene pamangooneka chithunzi ndi mutu wa nyimbo, choncho chikuto chimene achimwene a gitala akunenacho tilibe. Kodi alipo pagulu pano amene anasunga?

Mayi a Kwaya

Ine ndili nayo kaseti ya Memeza m'katoni ya makope akale a kwaya, ngati njenjete sizinaipeze. Wailesi yoiseweretsa inafa kalekale, ndipo tepi yake inadukapo kamodzi n'kuilumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo, koma kapepala ka m'kati ndikukhulupirira kuti kalipo. Ndikaweruka madzulo ano ndikafufuza, ndipo ndikakapeza ndijambula mbali zonse ziwiri n'kuponya pano. Mundikhululukire ngati chithunzicho chidzakhale chosaoneka bwino, chifukwa tizilembo take n'tating'ono kwambiri ndipo magalasi anga ndinawaiwala kutchalitchi Lamlungu.